Thanki yachiwiri ya landirova yathu

Landirova ija amuna anga anaigula yakufa kale, boma litaitaya. Anaikoka ndi chingwe mpaka kwathu ku Mchengautuwa, ine ndikulalata kuti munthu wamkulu angagule bwanji khola la nkhuku la matayala. Koma zoona zinenedwe, anali makaniko wa manja abwino. Pomwe mvula inkayamba, galimotoyo inali ikukwera zitunda za ku Kaning'ina ngati mbuzi.

Chaka chimenecho petulo anasowa koopsa. Mapampu a m'tauni ankakhala ouma, ndipo mafuta akafika ankatipimira pang'onopang'ono. Chaka chomwechonso amayi anga anadwala kwathu ku Ntchisi. Miyendo inatupa, sankatha kufika ngakhale pakhonde, ndipo mudzi wathu uli kutali ndi msewu wa basi. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kukawatenga, adzagone m'chipatala cha kuno, ndiziwasambitsa ndi manja anga.

Vuto linali thanki. Ya landirova ndi yaing'ono, pomwe galimotoyo imamwa ngati chidakwa. Kupita tikanapita, koma pobwerera tikanaima pamsewu ndi wodwala, chifukwa mapampu a ku Kasungu nawonso anali ouma. Ndiye amuna anga anati aikamo thanki yachiwiri. Anapeza ya lole yakale, anaitsuka ndi madzi a sopo mpaka fungo litatha, anaidula n'kuiwotcherera kuti ikwane pansi pa mpando. Pafupi ndi phazi la dalaivala anaikapo kampopi kamkuwa, kuti yoyamba ikatha, angopotokola, injini iziyamwa yachiwiri.

Kuidzaza ndiye inali ntchito. Ankakaima pamzere wa petulo mpaka miyendo kuuma. Munthu akabwera kudzakonzetsa galimoto, iwo ankangopempha botolo la petulo. Ine m'mawa uliwonse ndinkagogoda thankiyo ndi chala kuti ndimve pomwe mafuta afika, ndipo tsiku lomwe inalira mogontha mpaka pamwamba ndinayamba kulongedza zofunda za amayi.

Koma amuna anga pakamwa! Akakhala pabawo, nkhani inali landirova yokhayokha, ati iyi ingakafike ku Chitipa n'kubwerako osaona pampu. Ndinawaletsa, ndinawakalipira, iwo n'kumangoseka kuti akazi a m'chigawo chapakati timaopa ndi chithunzithunzi chathu chomwe.

Titatsala pang'ono kunyamuka, kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko akubwera ku Mzuzu. Masiku amenewo zikatero, galimoto iliyonse inali ya chipani. Ankaitenga kukanyamula amayi oti adzavine, ndipo mafuta ake anali a mwini galimoto. Tcheyamani wa m'dera lathu anafika masana, anyamata a chipani a malaya ofiira ali pambuyo pake. Anapereka monire bwinobwino, anakhala pampando, n'kunena kuti kuli amayi kumidzi ya kuseri kwa Nyika omwe magalimoto ena sangakawatenge, chifukwa mafuta angathere m'njira.

"Adada, tamva kuti yanu ili ndi mathanki awiri," anatero.

Amuna anga anayesa kufotokoza za apongozi awo odwala. Tcheyamani anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mofatsa ngati zimenezi zikutanthauza kuti akukana. Aliyense ankadziwa komwe okana ankapita. Ndinaona amuna anga akupisa m'thumba n'kutulutsa makiyi, ndipo anachita kugwada pomusonyeza dalaivala wa chipani mopotokolera kampopi kaja.

"Yewo chomene," anathokoza tcheyamani podzuka.

Ine ndinapsa mtima koopsa. Ndipo musaganize kuti ndinakhala pakhomo n'kumalira. Nanenso ndinali pagulu lovina. Ndinamanga chitenje cha chipani, ndinaima padzuwa, ndinaona ndi maso anga landirova yathu ikutsitsa amayi odzaza fumbi, ena akusanza. Ndinavina, ndinaimba nyimbo zothokoza, pakamwa pakumwetulira, mumtima ndikutukwana.

Galimoto anaibweza zonse zitatha, atakawatulanso amayi aja kwawo. Chitsulo cha kunsi chinali chothyoka. Ndinagogoda thanki yachiwiri, inalira ngati chitini chopanda kanthu. Amuna anga anati musadandaule mayi, tiyambiranso, ndipo anabwereradi kumizere ija ndi mabotolo awo. Koma mapampu anaumiratu, ndipo pabawo sanapiteko ngakhale tsiku limodzi.

Thankiyo isanafike n'pakati pomwe, ndinamva pawailesi, pa mauthenga a maliro, ndikusita malaya. Anatchula mudzi wathu, anatchula amayi, anati mwana wawo wa ku Mzuzu abwere msanga. Ndinakwera malole a makala ndi a chimanga, kutsika apa kukwera apo, ndipo ndinapeza ataika kale. Achemwali anga anandiuza kuti amayi akamva kulira kwa injini kulikonse ankauza anthu awatsamiritse, ati mwana wanga uja wafika.

Nditabwerera ku Mzuzu ndinapeza amuna anga atamasula thankiyo n'kuiponya kuseri kwa bafa. Inakhala pamenepo zaka ndi zaka, ikuchita dzimbiri, ndipo ndikamadutsa ndi ndowa, chala changa chinkapitabe chokha kukaigogoda.