Sefa Imene Ndinakana Kulipira

Mu Blantyre muno palibe amene anandigulitsapo chinthu pa mtengo umene anayamba kutchula. Nsapato za pa kaunjika ku Ndirande, malata, ngakhale bokosi la maliro a malume anga, zonsezi ndinanenerera mpaka wogulitsa kupukuta thukuta. Anzanga ankati ine ndikhoza kunenerera ngakhale chopereka cha ku tchalitchi, ndipo ndinkazimva ngati chiyamikiro. Inu owerenga, luso lomwelo ndi limene linandigwetsa. Ndikuuzani mmene zinayendera kuti wina asadzaponde pamene ndinaponda ine.

Ndine ejenti wa nyumba za lendi, makamaka ku Chilomoni ndi ku Machinjiri. Amene sanasakepo nyumba m'tauni muno adziwe ichi: ejenti alibe nyumba, chimene amagulitsa ndi zimene akudziwa. Ndimadziwa pamene pali nyumba, mwini wake, nambala yake ya foni, ndi mtengo umene angavomere akapanikizika. Wofuna nyumba akangodziwa zimenezi, ine ntchito yatha. N'chifukwa chake popita kukamuonetsa timamudutsitsa njira zokhotakhota, kuseri kwa chigayo, kuwoloka kamlatho, kuti mawa asabwerereko yekha.

Nditatopa ndi kuyenda padzuwa, ndinaganiza zokhala ndi apu ya pa foni yoti anthu aziona okha nyumba zanga, kenaka n'kumandiimbira. Anandilozera kwa Tadala, mayi wa ku Zingwangwa amene amalemba mapulogalamu a pa intaneti m'chinenero cha makompyuta chotchedwa PHP. Tinakhala pakhonde pake, iye n'kundifotokozera ntchitoyo pang'onopang'ono. Anati pakhala nkhokwe yosungiramo zonse za nyumba iliyonse. Pakhalanso chimene amati API, chimene anachiyerekeza ndi kazenera ka pa okala: foni ya kasitomala imafika pakazenerapo n'kufunsa, ndipo yankho limatulukira pomwepo. Koma yankholo lisanatuluke, anati, liyenera kudutsa pa sefa. Sefayo ndi kachigawo ka pulogalamu kamene kamatenga zonse za m'nkhokwe, n'kusankha zoyenera kutuluka, n'kuzikonza bwino: dera m'malo mwa malo enieni, zipinda, mtengo woyambira, zithunzi. Zotsalazo zimakhala mkati.

Chigawo chilichonse chinali ndi mtengo wake. Ine khutu linaima pa sefa.

Ndinamufunsa ngati sefayo imaoneka pa foni. Anati ayi. Ndinamufunsa ngati apu ingagwire ntchito popanda iyo.

"Igwira, achimwene," anatero. "Pagalasi pazioneka zokhazo zimene tauza apu kuti ionetse. Koma phukusi lofika mu foniyo likhala ndi zonse. Zili ngati kumutuma munthu machesi n'kumupatsa chikwama chonse."

Pa mawu onsewo ine ndinangotolapo "igwira". Wonenerera aliyense amadziwa kuti phindu la wogulitsa limabisala pa chinthu chosaoneka. Makaniko amati wasintha kachitsulo ka mkati, telala amati waika nsalu ya mkati. Ndinaona kuti sefa ndi kachitsulo ka mkati ka Tadala. Ndinachita zimene ndimachita pamsika: kuseka pang'ono, kuimirira, kusasa fumbi pa thalauza, n'kuyamba ulendo wa ku geti mosafulumira.

Anandiitana ndili pafupi kutuluka. Anati aichotsa sefayo poti ndalama ndi zanga, koma ndimulonjeze zinthu ziwiri: ndisapatse munthu aliyense linki ya kazenera kaja, ndipo ndikangopeza ndalama ndibwerere adzaiike. Ndinalonjeza mmene munthu amalonjezera wogulitsa tomato kuti mawa abweranso. M'minibasi yobwerera ndinkamwetulira ndekha.

Apu inatuluka yokongola, ndipo mafoni anayamba kulira. M'nkhokwe muja munali malo olembapo ndemanga zanga za nyumba iliyonse, ndipo ndinkalemba momasuka ngati ndikulankhula mumtima. Za a Fombe ndiye ndinalemba zambiri. A Fombe ndi bambo opuma pa ntchito, kwawo ku Nsanje, amene anamanga nyumba zingapo ku Chilomoni. Ndiwo anandikhulupirira ndisanadziwike, ndipo eni nyumba ambiri amene ndinali nawo anali anzawo a ku tchalitchi amene iwo anandilozera. Bizinesi yanga inaima pa mawu awo. Pa nyumba yawo ina ndinalemba kuti denga la kuchipinda limadontha, kasitomala osapita naye kukagwa mvula. Ndinalemba kuti mdalayo amayamba ndi mtengo wokwera, koma ukayamikira maluwa ake amatsika yekha. Ndinamaliza ndi kuti pakhomopo boma ndi akazi awo.

Patapita nthawi anabwera Madalitso, ejenti mnzanga wa ku Bangwe, amene anali ndi tsamba lake pa intaneti. Anapempha kuti nyumba zanga zizionekanso patsamba lake, azindipatsa kangachepe. Chimene ankafuna ndi linki ija. Lonjezo langa kwa Tadala ndinalikumbukira, sindinama. Koma ndinali kalikiliki kumukweza Madalitso mtengo, ndipo atavomera ndinadziona kuti ndadya kawiri: sefa sindinalipire, ndipo kazenera kopanda sefako ndakachititsa lendi.

Madalitso sanabe kanthu. Anangotsegula linkiyo pa kompyuta yake, zonse n'kukhuthukira pamaso pake m'mizere: manambala a eni nyumba, malo enieni, mitengo yomaliza, ndi ndemanga zanga. Sanandiuze. Inenso ndikanakhala iye sindikanauza munthu.

Choyamba nyumba zinayamba kupita ine osadziwa. Ndikaimbira mwini nyumba kuti ndili ndi kasitomala, yankho linali loti alowamo kale. Ndinkati ndi nyengo chabe. Kenaka a Fombe anandiitana kunyumba kwawo masana ena.

Ndinawapeza pakhonde, mayi a kunyumba kwawo ali pambali akusenda nandolo. Ndinayamba ndi kuyamikira maluwa, mwachizolowezi. A Fombe anavala magalasi, n'kutenga foni yawo. Madalitso anali atawatumizira chithunzi cha mizere ija. Anawerenga mokweza, mosathamanga, ngati akuwerenga kalata ya mtumwi pa Misa. Atafika pa maluwa anaima pang'ono kuti ndimve bwino.

"Denga limadonthadi, mwana wanga," anatero atamaliza. "Ukanandiuza ine ndikanakonza. Iwe unabisira wolowa, n'kuuza dziko."

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi vuto la makompyuta. Mayi sanadzutse n'komwe mutu pa nandolo.

"Poti mwati boma ndine," anatero, "boma likuti musiye makiyi patebulopo."

Ndinawasiya. Pofika Lamulungu, anzawo onse a ku tchalitchi anali atamva, ndipo aliyense ankafuna kudziwa zimene ndinalemba za iye. Ena ndinawalemba zabwino, koma nawonso anatenga makiyi awo, chifukwa manambala awo anali atayenda m'manja mwa anthu osawadziwa. Pamenepo sindinawatsutse. Anandipatsa manambalawo kuti ndiwasunge, osati kuwayanika.

Ndinabwerera ku Zingwangwa. Tadala sananene kuti "ndinakuuzani", ngakhale nkhope yake inanena. Anatseka linki yakaleyo, n'kuika sefa. Anandionetsa yankho latsopano pa kompyuta yake: dera, zipinda, mtengo, zithunzi, basi. Anachititsanso kuti aliyense wofuna kufika pakazenerapo akhale ndi chilolezo chake. Atatchula mtengo, unali wokwera kuposa woyamba uja. Pakamwa panga panatseguka pokha, monga mwa chizolowezi, ndipo ndinapatseka ndekha.

Lero apu yanga ndi yaukhondo kwambiri, siitaya kanthu. Vuto ndi lakuti mulinso nyumba zochepa zoti n'kutaya. A Fombe tikakumana pamsewu amayankha moni bwinobwino, koma nyumba zawo akuyendetsa ndi Madalitso. Ndinamva kuti denga lija anakonza.

Inu owerenga, amene mukufuna kupangitsa apu kapena tsamba la bizinesi yanu, musakhutire ndi zimene mukuona pagalasi. Mufunseni wokupangiraniyo akuonetseni phukusi lenileni limene likutuluka, mzere ndi mzere, ndipo chilichonse chimene simungachinene pamaso pa mwini wake chisatuluke, kapenanso musachilembe n'komwe. Inunso opanga mapulogalamu, mukakumana ndi munthu ngati ine, musiyeni afike pa geti, atuluke, akwere minibasi. Musamuitane. Nenererani nsapato, nenererani malata, koma munthu wodziwa ntchito yake akakuuzani kuti ichi ndi chotchinga, funsani kaye chimene chikutchingidwa.

Anzanga amandifunsabe ngati pali amene anandigonjetsapo pa mtengo. Ndimawauza zoona, kuti tsiku lija pakhonde la ku Zingwangwa mayi uja anatsika mpaka pamene ndinkafuna ine, ndipo anachita kundiitana ndili pa geti. Nanga inu mukuti anapambana ndani?