Sofa ya Mlendo wa ku Dedza

Mpaka chaka chatha, mukanafika ku Railways m'tauni ya Kabwe ku Zambia n'kufunsa kwa a Chikomeni Gomani, ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsewu akanakulozerani, kenako n'kukuchenjezani kuti musavutike kugogoda khomo la kumaso. Khomo limenelo linkatsegulidwa kamodzi pachaka. Anthu onse, kuyambira wansembe mpaka wowerenga mita ya madzi, ankazungulira kuseri n'kulowera kukhitchini.

A Chikomeni anagwira ntchito panjanji zaka makumi atatu. Anali gadi wa sitima, uja wokhala m'bogi yomaliza ndi wezulo pakamwa, mbendera ziwiri m'manja. Atapuma ntchito anabweza yunifomu, koma wezulo anatsala nayo, ndipo mutu wawo unatsalanso ukuyendera nthawi ya sitima. Ngakhale nkhuku za pakhomopo zinkadziwa ola lotsekulira khola.

Bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi, n'kutchona. Ali pafupi kutsirizika anagwira mwana wawo dzanja n'kunena kuti, "Tsiku lina abale adzabwera kudzatifuna. Asadzapeze kuti tinangotayika. Adzakhale pabwino." A Chikomeni, amene ku Dedzako sanapondeko phazi, anatenga mawuwo ngati lamulo la pantchito. Anagula sofa yofiira n'kuisiya m'pulasitiki yake ya kusitolo. Anagula makapu a maluwa n'kuwatsekera m'kabati ya galasi. Anagulanso bulangeti lolemera ngati mwana wa ng'ombe, poti anamva kuti anthu a ku Dedza amalidziwa bulangeti labwino, ndipo nalonso linakhala m'thumba lake la zipi. Zonsezi zinadikira pabalaza zaka makumi awiri ndi ziwiri. Wansembe atabwera kudzadalitsa nyumba, madzi odalitsa a pabalazapo anawazira pawindo.

Mlendo sanabwere. Koma panjanji ngozi amaiyeserera isanachitike, ndiye a Chikomeni sanaone chifukwa choti mlendo asayesereredwe. Ankati anthu a kumudzi amayenda akakolola, choncho Meyi akamatha, mitengo ikayamba kuyoyoka, mphepo ikayamba kung'amba milomo ndi kutuwitsa miyendo, iwo ankalengeza kuti Loweruka loyamba la Juni kuli kuyeserera. Akazi awo, mayi Alefa, anasiya kalekale kutsutsa. Ankati mwamuna wosamwa mowa komanso wosamenya mkazi ayenera kupatsidwako mpata wa misala ina.

Mlendo woyesererapo anali a Mweemba, Mtonga wa ku Monze, yemwe ankayendetsa sitima yomwe a Chikomeni ankalondera. Wina kumutu, wina kumchira, anatha zaka zambiri akumvana ndi wezulo basi. Chimwalirire akazi awo, a Mweemba ankafika kukhitchini kwa a Chikomeni tsiku lililonse 4 koloko masana, makamaka nyengo yozizira. Anali ndi kampando kawo kodula ku thabwa lakale la njanji. Mayi Alefa ankakoleza mbaula, a Chikomeni n'kufotsera mbatata ziwiri m'phulusa, ndipo madala awiriwo ankawotha moto akukangana za masitima amene anasanduka zitsulo kalekale.

Tsiku loyeserera a Mweemba ankavala jekete, kunyamula sutikesi yopanda kanthu, n'kugogoda khomo la kumaso. Wezulo inkalira kamodzi, khomo n'kutseguka.

"Takulandirani. Kumudzi kuli bwanji?" a Chikomeni ankafunsa ndi Chichewa cha bambo awo, chimene nachonso ankachisungira tsiku limeneli.

"Ku Dedza kuli bwino," a Mweemba ankayankha. "Mbuzi zonse zipeleka moni."

Kenako ankapemphedwa kukhala pa sofa. Koma kukhala kwake sikunali kukhala ayi. Ankapinda mawondo, matako n'kuima m'malere, zala zinayi pamwamba pa pulasitiki. Mayi Alefa ankagwada n'kuthira mphepo m'kapu ya maluwa kuchokera m'ketulo yopanda kanthu. A Mweemba ankauzira, kumwako pang'ono, n'kudandaula kuti shuga wachepa. Pakatha mphindi zisanu ndi ziwiri wezulo inkaliranso. Mlendo ankatsazika, kutulukira kumaso, kuzungulira nyumba, n'kukakhala pa kampando kake kukamwa tiyi weniweni m'kapu yachitsulo yobenthuka.

Zinayenda choncho chaka ndi chaka, ngati kuti mawondo a munthu sakalamba.

Chaka chatha, pa mphindi yachinayi, mawondo a Mweemba anakana ntchito. Anayamba kunjenjemera, kapu inagwedezeka, ndipo mdalayo anangoti khu pa sofa. Pulasitiki inalira ngati yapondedwa pamchira. A Chikomeni analiza wezulo katatu, kulira kwa ngozi.

"Ba Mweemba, nyamukani! Iyo sofa ni ya alendo!"

A Mweemba sananyamuke msanga. Nkhope yawo inali ya munthu wodabwa.

"Kansi ni yofewa so?" anatero motsitsa mawu.

Anagwira m'mbali, kudzikoka pang'onopang'ono mpaka kuima. Anapereka kapu kwa mayi Alefa ndi manja awiri, kenako n'kutembenukira kwa mnzawo.

"Mudala, zaka twenty-two nibwela pa nyumba ino. Sindine mlendo, sindine wa chibale. Manje ndine ndani?"

Funso limeneli linkafuna kuti munthu akhale pansi aganize, koma pabalazapo panalibe pololedwa kukhala. Komanso maso a Chikomeni anali pa dzenje lomwe linatsala pa sofa, lozungulira bwinobwino ngati beseni.

"Ndimwe ba Mweemba chabe," anayankha osayang'ana n'komwe.

A Mweemba anatola sutikesi yawo n'kutulukira kumaso monga mwa nthawi zonse. Koma tsikulo sanazungulire nyumba.

Masiku atatu a Chikomeni analimbana ndi dzenjelo. Analimenya ndi zikhatho, kulikanda chapansi ndi mpini wa tsache, kuigoneka sofa chafufumimba padzuwa la pawindo, mpaka linafafanizika. Anasangalala kwa theka la tsiku. Itakwana 4 koloko anafotsera mbatata ziwiri m'phulusa, n'kukhala kuyang'ana pakhomo. Imodzi anadya, inayo inasanduka khala. Mawa lake chimodzimodzi. Mphepo ya Juni inkalowa pansi pa chitseko, ndipo moto wowotha wekha sufika kumsana. Anamusowa mnzawoyo koopsa, koma anali asanapepesepo munthu chibadwire, ndipo pa ndandanda ya ntchito zawo za tsiku panalibe ola la zimenezo.

Patatha milungu itatu, mayi Alefa anabwera kuchokera kumsika ali wefuwefu. Anati pamsewu waukulu pafa thiraki, ndipo dalaivala wake akulankhula ngati malemu apongozi. Atamufunsa kwawo, wati ku Dedza.

A Chikomeni anamanga tayi. Anapita kumsewuko n'kubwera naye mnyamata wamkulu ndithu, wazaka zopitirira makumi anayi, woonda, dzina lake Morgan. Anamugwira pamkono njira yonse ngati angathawe. Sanali m'bale, koma Dedza ndi Dedza.

Wezulo inalira, khomo la kumaso linatseguka pa tsiku losakhala lake, ndipo anthu oyandikana nawo anatuluka kudzaona ngati kwagwa maliro. Morgan anakhala pa sofa, n'kuterereka, n'kudzikweza, n'kutererekanso. Pabalaza pomwe sipanayakepo moto zaka zonsezo pankazizira ngati mufiriji. Mayi Alefa anagwada ndi tiyi weniweni, ndipo poti manja awo anazolowera ketulo yopepuka, wina anatayikira pansi.

"Kumudzi kuli bwanji?" anafunsa a Chikomeni. Anatchula mudzi wa bambo awo, mtsinje wake, ndi mayina a anthu atatu amene anawasunga pamtima kuyambira ubwana.

"Aaa, madala, ine ku Dedza n'kwa agogo," Morgan anayankha maso ali pafoni. "Ndinakulira ku Lilongwe. Kumeneko ndimangoimako kugula kachewere pamsewu. Muli ndi potchajira?"

Anamuonetsa potchajira. Anamwa tiyi osauzira, osanenapo kanthu za shuga. Kenako mano ake anayamba kugundana.

"Pepani, madala, kulibe kamoto penapake? Muno munthu angafe."

Palibe kuyeserera kumene kunakonzekera zimenezi. Anamutengera kukhitchini, ndipo asanamulozere pokhala, Morgan anakoka kampando ka njanji kaja n'kukhalapo. Anafukula mbatata yachiwiri m'phulusa, kuisenda, n'kuyamba kudya akutambasulira mapazi kumoto.

"Eya, apa ndiye pakhomo," anatero.

Dzanja la a Chikomeni linapita lokha pa wezulo. Mlendo wa ku Dedza atakhala pa sofa, iwo sanamve chilichonse. Koma kumuona pa kampando ako, akudya mbatata imeneyo, mtima unawawawa ngati wabayidwa ndi msomali. Anangotsala pang'ono kukuwa kuti mpandowo uli ndi mwini wake.

Foni itadzaza, Morgan anathokoza, kuwatchula a Chikomeni dzina lolakwika, n'kubwerera ku thiraki yake. Pa sofa sanasiyepo ngakhale kadzenje.

Mayi Alefa ankatsuka makapu a maluwa atatembenukira kukhoma pamene analankhula.

"Atate ake Cynthia, mwana wa ba Mweemba abwela pa Sunday kubatenga. Mendo yavuta. Bayenda ku Monze, sibazabwelanso."

"Mwamva liti?"

"Last week."

"Nanga osaniuza?"

"Simunafunse. Munali busy na sofa."

Loweruka m'mawa a Chikomeni anamanganso tayi n'kuyenda mpaka kwa a Mweemba, mizere itatu ya nyumba kuchokera kwawo. Anawapeza pakhonde atazunguliridwa ndi makatoni. Mawu opepesa amene anawayeserera njira yonse anathawa onse. Anangoima chilili ngati ali papulatifomu.

"Kufunika mlendo ku nyumba kwanga pa 16 hours," anatero.

"Wa ku Dedza?" a Mweemba anafunsa osadzutsa mutu.

"Awe. Wa ku Monze."

A Mweemba anapitiriza kumanga katoni ndi chingwe, ndipo a Chikomeni anabwerera osadziwa ngati sitima yavomera kapena yakana.

Kunyumba anatenga mpeni n'kung'amba pulasitiki. Sofa inatulukamo ili psuu, ikununkha sitolo imene inatsekedwa kalekale. Ananyamula mbaula okha n'kuiika pakati pa balaza, kutsegula windo pang'ono, n'kufotsera mbatata ziwiri. Kenako anaima pakhomo ndi wotchi m'manja. Ikanakwana 4 koloko popanda munthu, ndiye kuti zathera pomwepo, ndipo iwo ankadziwa.

Madalaivala akale sachedwa. Nthawi itangokwana, a Mweemba anatulukira pakona atavala jekete, akutsimphina ndi ndodo, sutikesi kudzanja linalo. Ulendo uno sutikesiyo inkalemera, poti munali kale zovala za ulendo.

Analowa, kuyang'ana mbaula, n'kuyang'ana sofa yovulidwa. Atapemphedwa kukhala, anapinda mawondo n'kuima m'malere, zala zinayi pamwamba.

"Nkalani, mudala."

"Nankala."

"Nkalani vazoona!"

Thupi linali litazolowera, silinkamva. Zinatengera a Chikomeni kuwagwira m'mapewa n'kuwakankhira pansi. Kenako iwonso anatembenuka, kuyeza ndi maso, n'kukhala pa sofa yawo koyamba chiigulire. Inalidi yofewa.

Mayi Alefa anagwada n'kuthira tiyi. A Mweemba anauzira, kumwako pang'ono, n'kukwinya nkhope.

"Amake Cynthia, shuga yachepa."

Mayi Alefa anawonjezera masupuni awiri, ndipo onse atatu anaseka mpaka kutsokomola. A Chikomeni anatsegula thumba la zipi, kutulutsa bulangeti lija n'kulifunditsa pa mawondo a mnzawo.

"Ku Monze kuzizila," anatero. "Muyende nalo."

A Mweemba analisisita bulangetilo nthawi yaitali. A Chikomeni anagwira funso lokhalo limene ankalidziwa la pabalaza.

"Kumudzi kuli bwanji?"

"Siniziba, mudala. Nizakaona mawa."

Panalibe amene anaseka. Mphindi zisanu ndi ziwiri zinadutsa, zinanso zinadutsa, wezulo ili duu m'thumba. Anadya mbatata zawo, makoko akugwera pa sofa yofiira, n'kukangananso za injini ina imene aliyense ankati mnzake ndiye anaiwononga. Dzuwa likupendeka a Chikomeni anawaperekeza mpaka pakhomo pawo, atawanyamulira sutikesi. Mawa lake galimoto inabwera, ndipo a Mweemba anapita.

Masiku ano mukafika kwa a Chikomeni, khomo la kumaso mudzalipeza pululu. Wansembe amakhala pa sofa, wowerenga mita amakhalapo, ngakhale nkhuku ina inayesapo kuikira dzira. Makapu a maluwa atsala anayi. Juni akafika mbaula imayaka pabalaza, ndipo 4 koloko a Chikomeni amafotserabe mbatata ziwiri, ngakhale mayi Alefa amadandaula za makala.

Khalani paliponse pamene mwafuna, kupatula kumapeto kwa kumanzere. Pamenepo pali dzenje lozungulira ngati beseni, ndipo posesa amalilambalala. Mukangotambasula dzanja kuti mulisalaze, mudzamva wezulo katatu.