Sanda ya Abambo Inakavina Beni

Abambo anamwalira m'mawa wa tsiku la Nyuwere, mvula itangokata. Anadwala chifuwa nyengo yonse yodzala, choncho imfa yawo sinatidzidzimutse. Chimene chinatidzidzimutsa chinali m'bokosi.

Ife ndife Asilamu a kufupi ndi Lifuwu, ndipo kwathu maliro sagona. Munthu akatsirizika m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale ali m'manda, atakulungidwa m'sanda, nsalu yoyera ya bafuta. Abambo anagula yawo nkhondo isanayambe, nsalu zikadali mbwee m'masitolo. Chaka chilichonse ankaitulutsa, kuiyanika, kuipindanso, n'kumatiuza kuti iwo sadzavutitsa munthu. Tinkawaseka kuti akukonzekera ulendo ngati mkwatibwi.

Amayi atatsegula bokosi lija anapeza ukonde wakale wopindidwa bwinobwino, pamwamba pake kansanza koyera kosakwana n'kumanga chala. Anakhala pansi osalira n'komwe. Ine mutu unangoti zwee, chifukwa ndinadziwa pomwepo kumene sanda inapita. Mlongo wanga, wondiponda pamutu, anali atasoketsa yunifolomu yatsopano ya gule wa beni, malaya ndi thalauza zoyera mbee. Anatiuza kuti anamupatsa ndi mnzake wochokera ku nkhondo, ife n'kumuyamikira kuti watchena. M'mawa umenewo anali atalawirira ku bwalo la magule, abambo akupumabe.

Amuna amene anatsala m'mudzi anali okalamba, ndipo anapita kukakumba manda. Shehe anatuma mawu kuti sanda ikonzeke asanasambitse thupi. Ndani akanamuyankha? Ndinamanga nsalu m'chiuno n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Ndinayamba ku sitolo ya mmwenye ya pamsewu wopita ku Salima, kukafuna bafuta wina. Inali yotseka. Telala wa pakhonde, amene ankamangirira makina ake kuti naye akaonere magule, anandiuza kuti ngakhale akanatsegula, bafuta anatha kalekale, anthu akuvala ziguduli. Ndinamugwadira m'matope momwemo. Anayang'ana kumbali, ndipo ndinazindikira kuti lumo limene linadula sanda ija linali lake.

Bwalo linali kuseri kwa sitoloyo. Chaka chilichonse ndinkalikonda kuposa malo ena onse, ndipo sindinama, ngakhale tsiku limenelo linali lokongola. Anamanga zipata za makuti ndi maluwa. Ana ankakankhana pa akatungwe opachika m'mitengo ya mango, amayi akugulitsa thobwa, zitumbuwa ndi chimanga chootcha. Uku a kumtunda akuvina mganda, zipanda zawo zoimbira zikulira ngati njuchi. Uku atsikana a chimtali atazungulira ng'oma, mikanda ikuwala. Munthu wina wondidziwa anandikankhira chikho cha thobwa m'manja, amvekere Nyuwere yabwino. Ndinafuna kumuthira nalo kumaso.

Beni inali pakati penipeni. Ng'oma yaikulu inkagunda mpaka m'mimba, wenzulo akulira, mizere ya anyamata ikuponda limodzi ngati asilikali. Kutsogolo kwa onsewo kunali mlongo wanga, ndodo m'manja, mapewa akunjenjemera, akutembenuka mwakuti amayi ankalulutira mpaka mawu kusasa. Sindinamuonepo akuvina bwino chotero. Zimenezo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Thukuta linali kamukamu, likutsikira mu sanda ya abambo, ndipo matope anali atafika m'maondo.

Ndinakuwa, koma ndani akanamva? Ndinadzipanikiza pakati pa anthu, wina n'kundigwira mkono kuti mkazi salowa mumzere. Ndinamulumadi dzanja. Nditafika kutsogolo ndinagwira mlongo wangayo pakolala. Ng'oma zinapitirira pang'ono, kenaka zinazima imodziimodzi.

"Achemwali, mwapenga?" anatero akuseka, wefuwefu.

"Vulani."

"Pano? Pamaso pa anthu?"

"Vulani, achimwene. Eni ake akuifuna. Akudikira pamphasa."

Kumwetulira kuja kunatsala pankhope kanthawi, ngati sikunamve nawo. Kenaka ndodo inagwa. Anati ankaganiza kuti abambo achira, kuti dzinja likatha agulitsa usipa n'kubwezeramo ina iwo asanadziwe. Anavula malaya pomwepo, mayi wina wogulitsa zitumbuwa n'kumuponyera chitenje kuti avulire thalauza. Anzake anatipatukira njira. Tisanafike n'komwe pamsewu, ng'oma za mganda zinali zitayambanso kumbuyo kwathu, ndipo sindiwaimba mlandu, linali tsiku lawo.

Tinathamanga, iye patsogolo m'chitenje cha mayi uja, ine pambuyo nditakumbatira zovala zonunkha thukuta. Kunyumba amayi ndi azakhali anazichapa msangamsanga, n'kuziumitsa pamoto chifukwa dzuwa linali la mitambo. Tinakhala kuseri kwa nyumba kumasula misoko ndi lezala, kuchotsa mabatani, matumba ndi kolala, kenaka kulumikiza zidutswazo. Pofulumira ndinadzibaya kangapo ndi singano, ndipo ndinkayamwa chala msanga kuti magazi asadonthere pansalu. Nthawi yonseyi dzuwa linkapendeka, shehe akutumiza munthu kudzafunsa ngati tatha.

Sanda ya mwamuna imakhala nsalu zitatu. Ife tinatulutsa imodzi, yazigamba, yopapatiza kumunsi kumene kunali miyendo ya thalauza. Abambo anali munthu wamtali. Ndinaiyeza ndi mikono yanga, kuikoka, kuiyezanso, ngati ingatalike pondimvera chisoni. Amuna osambitsa thupi anabwera kudzaitenga ndisanakhutire.

Akazi sitilowa kosambitsa mwamuna, ndipo kumanda sitipita. Ndinangoona jeneza, chonyamulira maliro, likutuluka litafundidwa mkeka, mlongo wanga atasenza kutsogolo. Ndinakhala pakhonde osatha kulira, osatha kupemphera, funso lili limodzi lokha m'mutu.

Atabwerako ku manda, mlongo wanga sanalowe m'nyumba. Anakhala pansi pa thandala loyanikapo nsomba, manja ali matope okhaokha. Ndinapita kukaima patsogolo pake.

"Inakwana?"

Anayang'ana manja ake amatope aja.

"Kumutu inakwana," anatero. "Shehe anati tikokere kumutu, kumapazi tifunditse udzu. Ndinakazula ndekha, achemwali. Ndinasankha wofewa."

Ndinali nditasunga mawu ambiri oti ndimulalatire, okwanira chaka chathunthu. Ndinakhala pansi pambali pake, ndipo m'pamene ndinayamba kulira maliro a abambo.