Kalata Yanga Inabwera pa Mayeso

Anzanga, ine ndimagwira ntchito ya photocopy pa yunivesite, m'kachipinda kotentha kuseri kwa library.

Tsiku lina kunalowa bambo wa jekete yothetheka m'zigongono, atakumbatira chibuku. Anali lecturer wa mabuku a ku Britain, aliyense amangowatchula kuti a Doc.

"Achemwali, tsamba 40 mpaka 90. Koma musalipinde msana, bukuli ndi lakale kuposa agogo anu."

"Ndiye mukanabwera nalo pa wheelchair," ndinatero.

Anaseka mpaka magalasi kugwa. Mawa lake anabweranso. Mkuja wake anabwera opanda buku...

Chikondi chinayaka, anzanga! Koma kukondana ndi munthu wa narrative theory ndi chintchito. Iwowa amafufuza mmene nkhani imakambidwira. Ukawadandaulira kuti wayambana ndi mnzako, amakufunsa, "Nanga akanafotokoza iyeyo, ikanamveka bwanji?" Ine ndimafuna wondiikira kumbuyo, osati woweruza!

Komabe ndinali nditagweramo ndi miyendo yomwe. Atapita ku conference n'kutha mwezi osaimba, ndinawalembera kalata ya masamba atatu. Chingelezi changa chonse ndinathira momwemo. Ndinati ndikudziwa ndinu otanganidwa, ndikumvetsa, kukhala chete kwanuko ndi chikondinso.

Atabwera anangoti, "Umalemba bwino iwe." Ndinasangalala sabata yonse.

Nthawi ya mayeso, a secretary anabweretsa envelopu ya mafunso kuti ndipange makope 200. Sitiloledwa kuwerenga, koma pepala linakodwa m'makina. Polisolola, maso anagwera pa mzere woyamba.

"My dearest, I know you are busy..."

Kalata yanga! Pansi pake: "Discuss why this narrator cannot be trusted. 25 marks."

Ndinafuna kukuwa. Koma za mayeso ndi chinsinsi, ndikanayankhula ntchito ikanandithera. Manyazi anga ndinawapanga ndekha photocopy, ndekhanso n'kumenya stapler.

Mayeso atalembedwa ndinawapeza a Doc mu ofesi akuchonga.

"A Doc, kalata yanga mwaigawira ana 200?"

"Darling, dzina ndinachotsatu. Komanso ndi text yabwino kwambiri! Taona, mtsikana uyu wapeza 24."

"Walemba chiyani?"

Anakonza magalasi n'kuwerenga monyadira, ngati ali m'kalasi. "Akuti wolembayo akudzinamiza yekha. Aliyense akuona kuti bamboyo samukonda, kupatula iye mwini."

"Ndiye inu mwachonga kuti wakhoza?"

Anayang'ananso pepala lija. Munthu woyankhula maola awiri osamwa madzi uja anangoyamba kupukuta magalasi.

"Markisi imodziyo mwamudulira chiyani?" ndinafunsanso.

"Handwriting," anayankha motsitsa mawu.

Ndinaseka, anzanga, mpaka misozi. Itayamba kutuluka siinasiyenso.

Zimene ndinalephera kuona chaka chathunthu, mwana wa second year anaziona m'mphindi 40. Ndipo mwiniwake anachonga ndi cholembera chofiira kuti n'zoona.