Dzombe la Che Saidi

Ndikukumbukira tchuthi china ndili mu Sitandade 4, amayi atanditumiza ku Nsanama kukakhala ndi azakhali, amene anakwatiwa kumeneko ndi bambo wogulitsa nsalu. Kwathu ndi kwa Mposa, kumene maso amathera m'minda ya mpunga, choncho kwa ine Nsanama unali mzinda. Kunali magolosale oyang'anana, fungo la usipa ndi zitumbuwa pamsika, njinga zolemedwa ndi matumba a nandolo, ndipo kuseri kwa telala wina kunali kanyumba kamene kanandisowetsa mtendere miyezi ingapo. Kanyumbako kanali vidiyo ya Che Saidi.

Amene ananditengera kumeneko anali Asiyatu, mwana wa azakhali, mtsikana amene ankagwira nankalizi ndi timitengo tiwiri kwinaku akuimba. Loweruka lina masana titatsuka mbale, anandikoka dzanja n'kunena m'Chiyao, "Kwende," kutanthauza kuti tiyeni. Azakhali anatilola, bola tibwereko dzuwa lisanalowe.

M'katimo munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa loswa mtengo. Mazenera anali otsekedwa ndi ziguduli, jenereta ikulira kuseri kwa khoma, utsi wake ukusakanikirana ndi thukuta la anthu ndi fungo la chinangwa chootcha. Akuluakulu anakhala pa matabwa osanjikidwa pa njerwa, ife ana pansi, kutsogolo kwenikweni. Che Saidi, atavala kofia yoyera, anaima pambali pa wailesi ya kanema ndi kandodo m'manja. Azungu a m'kanemamo ankayankhula Chingerezi chothamanga, ndiye ntchito ya Che Saidi inali kutiuza zimene akunena. Aliyense ankamupatsa dzina lawo. Mzungu wa magalasi ndi jasi loyera anali Sing'anga. Mayi wa tsitsi lalitali anali Abiti Mfuu, chifukwa ntchito yake inali kukuwa basi.

Poyamba zinali zoziziritsa nkhongono pang'ono chabe. Ng'ombe zinkasowa, mpanda unapezeka wothyoka. Kenaka Sing'anga anatsegula chitseko cha nyumba yosungira mbewu, ndipo chinthucho chinasuzumira. Linali dzombe, koma lalikulu ngati ngolo. Miyendo yake inali ndi minga ngati sowo, maso ngati mabeseni awiri, ndipo kamwa lake linkatseguka cham'mbali. Thabwa lina kumbuyo kwathu linagudubuzika ndi anthu ake omwe. Bambo wina wamkulu thupi, wogulitsa nsomba, ananena kuti wakumbukira kuti sanakhome njinga yake, ndipo sitinamuonenso. Ine ndinakanikiza zikhadabo pa mkono wa Asiyatu mpaka anandimenya kadzanja.

Pamenepo Che Saidi anatsitsa mawu, naloza ndi kandodo kaja. "Sing'anga akuti izi zimayamba zazing'ono, ngati zomwe mumaziona kumunda. Zikadya mpunga, kukacha zafika apa. Mpunga ukatha zimayamba anthu, ndipo zimayambira ana, chifukwa ndi ofewa."

Mmene tinkatuluka, Asiyatu anali akutafuna nzimbe ngati sipanachitike kanthu. Ine ndinayenda pakati penipeni pa msewu, kutali ndi udzu.

Tchuthi chitatha ndinabwerera kwa Mposa, n'kupeza mpunga wayamba kuweramitsa mitu. Nthawi imeneyo ntchito ya ana inali kuinga mbalame. Bambo anamanga nsanja pakati pa munda, ndipo kuchokera pa nsanjapo panali zingwe zopita mbali zonse, zomangirira zitini zokhala ndi timiyala. Ukakoka chingwe, munda wonse unkachita phokoso, mbalame n'kubalalika. Kale ntchitoyi ndinkaikonda. Tsopano chiwala chilichonse chikadumpha ndinkachiyeza ndi maso, kuti mawa ndidzaone ngati chakula. Sindinauze aliyense. Munda umenewo ndiwo unali chakudya chathu cha chaka chonse, ndiponso yunifolomu yanga inkachokera momwemo, choncho kukana kupitako kunalibe.

Tsiku lake linali lotentha, lopanda mphepo. Ndili pa nsanja paja ndinaona kamtambo kofiirira kakubwera chapansipansi kuchokera kumadambo a kunyanja ya Chilwa. Ndinayesa kuti ndi utsi wa anthu otentha tchire. Kenaka ndinamva mkokomo wake, wonga moto ukamadya udzu wouma. Dzombe limodzi linatera pa chitenje changa, n'kuyang'anana nane. Linali lalitali ngati chala changa chabe, koma nkhope yake inali yomweyo ya ku Nsanama, kamwa lotseguka cham'mbali lomwelo.

Sindikudziwa mmene ndinatsikira. Ndinangozindikira ndili m'njira ya kumudzi, matope akuthovukira kumsana, ndikukuwa kuposa Abiti Mfuu kuti anthu abise ana. Amayi ndinawapeza akupeta pabwalo.

"Ana abisidwe chifukwa chiyani? Waona chiyani iwe?"

"Dzombe, amayi. Ladzaza kumwamba."

Za ana zija sanafunsenso. Nkhope yawo inasintha, anataya lichero, natenga beseni ndi chikuni, n'kuyamba kuthamanga akuitana anzawo mayina. Posakhalitsa mudzi wonse unali m'njira, amayi ndi mapoto, anyamata ndi zigubu, abambo ochokera kumzikiti atapinda mikanjo yawo m'chiuno. Poona kuti palibe amene akusamala za ana, ndinanyamula mlongo wanga Yohane, amene anali asanayambe sukulu, n'kumuponya m'nkhokwe ya mtedza, kumuuza kuti asatsokomole n'komwe. Kenaka ndinatola chitini n'kutsatira anthu, chifukwa ndinaganiza kuti tikalitchinga lisanakhute mpunga, silikula.

Kumunda kunali chipwirikiti. Anthu anayatsa moto m'malire n'kuthirapo udzu wauwisi kuti utsi uchuluke. Tinkayenda mumzere, kumenya zitini, kukupiza nthambi, maso akuwawa, pakhosi pakuyabwa. Dzombe linkatigunda kumaso, kulowa m'malaya, kukodwa m'tsitsi. Ndinamenya chitini changa mpaka chinaphwanyika, ndikulira misozi koma osasiya, moti mayi wina woyandikana nafe munda anauza amayi kuti ali ndi mwana wolimba mtima. Chakumadzulo kunabwera kamphepo, mtambo uja unanyamuka n'kukatera m'mabango kumunsi. Ngodya ya munda wathu ya kumtsinje inatsala mapesi okhaokha, koma mbali yaikulu inapulumuka. Bambo anayendayenda m'mundamo akugwira ngala za mpunga ngati akuzipatsa moni.

Yohane anapezedwa ndi bambo, atagona chagada m'nkhokwe muja, makoko a mtedza ali mbwee, mimba ili ngati ng'oma. Nditafotokoza chifukwa chimene ndinamuikira m'menemo, bambo anaseka mpaka anakhala pansi, tsiku limene panalibe amene ankayembekeza kuseka.

M'mawa mwake, mame asanaume, anthu anapita kumabango ndi matumba. Dzombe likazizidwa silitha kuuluka, umangolitola ngati masawu. Ndinapita nawo, ndili kumbuyo kwa amayi, kukaona kukula kwake. Linali lomwe lija la dzulo, mwinanso lofooka. Amayi analithothola mapiko ndi miyendo, kuliwiritsa ndi mchere, kuliyanika pa mphasa, kenaka kulikazinga mpaka bwalo lonse linanunkhira. Mbale itafika patsogolo panga ndinabweza manja kumbuyo.

"Iyayi, ine sindidya."

"Mpunga wathu wa kumtsinje uli m'mimba mwa izi," anatero amayi. "Ukufuna tiutaye kawiri?"

Ndinatseka maso n'kuponya limodzi m'kamwa. Linali lokhukhuta, lamafuta, lamchere wokwanira bwino. Lachiwiri ndinadya maso ali otsegula.

Lero ndimakhala ku Balaka, ndipo ndili ndi mwana wamkazi, Tadala, amene ali ku sekondale. Lamulungu lina masana ndinkamufotokozera nkhaniyi tili pakhonde. Dzina la kanemayo sindinkalidziwa, chifukwa Che Saidi ankangolemba ndi choko pa bolodi kuti lero kuli zoopsa. Tadala anandifunsa mafunso angapo, nakanikizakanikiza foni yake, ndipo ndisanamalize kumwa thobwa langa anandipatsa. Sing'anga uja anali pomwepo, ndi magalasi ake, m'dzanja langa.

Mtima unagunda ndithu pamene ankatsegula chitseko chija. Koma chimene chinasuzumira chinali chidole cha labala, mutu ukugwedera ngati wa mbuzi yomangidwa pa njinga, ndipo penapake chingwe chokokera mwendo chinkaoneka bwinobwino. Nyumba zimene linkagumula zinali za makatoni. Chinanso, tsopano Chingerezi ndimachimva. Ndinatchera khutu mpaka kumapeto, ndipo m'kanema yense munalibe mawu a mpunga, ngakhale a ana ofewa. Sing'anga ankangokamba za mankhwala amene anatayikira m'munda. Zina zonse zinali za m'mutu mwa Che Saidi, amene ankadziwa bwino anthu amene anakhala patsogolo pake ndi zimene amalima. Ndinaimbira Asiyatu, amene pano ali ndi zidzukulu, kumuuza. Iye anati ankadziwa kalekale, popeza Che Saidi ankasintha mbewu malinga ndi nyengo, ndipo ulendo wina dzombe lomwelo linkakula ndi nandolo.

Tadala anaseka mpaka misozi. "Amayi, ndiye mumaopa chiyani pamenepa?"

Ndinayamba kumufotokozera. Zinthu zasintha. Masiku ano mwana amaonera zoopsa ali yekha, foni ili m'manja, ndipo zikamukulira amangoimitsa n'kupita kukamwa madzi. Amadziwa kuti zonse ndi zopanga, amadziwanso mmene amazipangira. Ife tinalibe poimitsira. Tinkaopa tonse pamodzi, ana ndi akulu, mapewa atagundana, ndipo mantha ake tinkapita nawo kunyumba. Sindinganene kuti zathuzo zinali zabwino kuposa zawo, koma pafoni paja kanemayo anandionekera wamasiye, wopanda womuyankhulira.

Ndili m'kati momuuza zimenezi, mphemvu inatuluka pansi pa chitseko n'kulunjika kumene kunali mapazi ake. Mwana wanga wosaopa zidole uja ndinangomuona ali chiimire pampando, siketi ataikwinya m'manja, akundiitana ngati ndili kutsidya kwa msewu. Ndinavula patapata wanga mosafulumira, n'kumufunsa ngati akufuna ndiyambe ndaiimitsa kaye.