Tayala la pamphambano pathu

Ndikukumbukira bwalo la fumbi lofiira kuseri kwa nyumba za boma ku Masongola, kumene ana a mulaini yathu tinajambula tawuni yathuyathu ndi timitengo. Misewu inali iwiri. Wina unkatsika kuchokera pachulu chimene tinkachitcha kuphiri, wina unkapingasa kulowera pansi pa mtengo wa mapeyala, kumene kunali msika. Pamene misewuyi inkakumana ndi pamene pankathera magalimoto athu a mawaya.

Ine ndinali ndi basi. Anaipanga achimwene anga a Lameki, matayala ake a zitini za polishi zokulungidwa ndi mphira, mipando ya makatoni, ndipo ikamayenda inkalira tcheketcheke ngati yeniyeni yokalamba. Tsiku lopita kusukulu yogonera konko ku Malosa anandigwiritsa chiwongolero, nandiuza kuti akadzaipeza yathunthu pa holide idzakhala yanga, koma akadzaipeza yophwanyika adzapereka zotsalazo kwa msuweni wathu.

Pamphambano panali wapolisi, Daisoni, wamkulu pa tonsefe, ndi wezulo yake ya phesi la papaya. Akakweza dzanja, mzere unkaima mpaka kuchulu. Wobwera ndi mango ankadutsa msanga, enafe tinkapsa mapazi pafumbi. Vuto linali lakuti amayi ake ankamuitana pafupipafupi kukatsuka mbale, ndipo akangochoka, aliyense ankadziona kuti ndiye woyenera kudutsa poyamba.

Masana ena Daisoni ali kumbale, mnzathu Wilisoni anatsika kuphiri ndi lole yodzaza miyala, akuthamanga, pakamwa pakulira injini. Anagunda basi yanga m'nthiti mwenimweni. Tayala lakutsogolo linagubuduka mpaka m'maluwa a eni ake. Ndinawongola mawayawo ndi mwala, ndinabwezeretsa tayala, kenaka basiyo ndinaibisa pansi pa bedi. Sindinafunenso kuitulutsa.

Bambo anali dalaivala wa boma, munthu wa mawu ochepa. Loweruka lina atandiona ndili ndekha pakhonde anzanga akusewera, anandifunsa, ndipo ndinawafotokozera. Sanakalipire mwana wa aliyense. Anakatenga tayala lakutha la galimoto limene amayi ankafuna kudzalamo anyezi, naligubuduza mpaka pamphambano, naligoneka pakatikati. Anatiuza kuti ku Blantyre zoterezi zilipo, amati raundabauti.

"Palibe wodutsa molunjika," anatero. "Aliyense alowere kumanzere n'kuzungulira tayalali. Uziyang'ana kumanja kokha. Ngati kukubwera mnzako, mudikire adutse."

Daisoni anafunsa kuti nanga iye aziima pati. Bambo anamuuza kuti akhoza kukhala patayalapo n'kupumula, ntchito waigwira mokwanira.

Ndinatulutsanso basi ija. Wilisoni anakweranso chulu, nadzaza miyala, natsika ndi liwiro lomwe lija. Koma tsopano tayala linali patsogolo pake, ndipo kuti akhote anayenera kuchepetsa liwiro, apo ayi katundu yense akanatayika. Tinakumanadi, ine ndili kale mkati, koma tinakumana mbali ndi mbali, tonse tikulowera kumodzi. Mawaya anangokhulana pang'ono, basi n'kupitiriza ulendo wa kumsika. Dzuwa likupendekera kuphiri, magalimoto onse ankangozungulira osaima, Daisoni ali patayala akuimba wezulo yopanda woimvera. Pamapeto pake anandipempha kuti ndimubwereke basi. Ndinakana mwaulemu.

A Lameki atabwera anaona pamene panapindika paja. Anapatsina ndi pulayala, nati imeneyo inali ngozi ya pamsewu osati kusasamala, ndipo basi inakhala yanga.

Lero magalimoto achuluka m'Zomba, njinga zamoto nazo zili paliponse, ndipo ana ambiri amakoka timagalimoto tapulasitiki. Tikamacheza potuluka m'tchalitchi, anzanga ena amati maloboti ndiye chitukuko. Sindikangana nawo. Koma ndaonapo maloboti ali zii magetsi atathima, anthu akulowerana mosadziwa woyamba ndani. Ndaonaponso munthu akuponda mafuta kuti adutse lofiira lisanayake. Pa raundabauti palibe chothamangira. Msewu womwewo umakubweza phazi, ndipo ngakhale mugundane, nthawi zambiri kumakhala kukhulana, aliyense n'kukagona kwawo.

Pali chinanso chimene sindinenako kutchalitchi. Mayi a kunyumba akadali moyo, tikafika pamphambano ine ndikuyendetsa galimoto, ankayang'ana mbali yawo n'kunena kuti, "Kuno kuli bwino, abambo, pitani." Chiwaitanireni Ambuye, mpando wakumanzere umakhala wopanda munthu, ndipo pamphambano ndimachedwa, khosi uku ndi uku, a m'mbuyo akundiimbira hutala. Koma ndikamapita ku Blantyre kukaona ana, pa raundabauti sindivutika. Kumanja ndi mbali yanga. Ndimayang'ana, ndimadikira mnzanga adutse, ndipo ndimalowa.