Manda a Stefano Kunja kwa Mpanda

Kumango ndi dera lakale kuseri kwa boma la Mangochi. Analiyambitsa ndi amalinyero a sitima za mishoni, ndipo zidzukulu zawo mpaka lero zimayenda ngati nyanja zinakumba zokha. Chimene amanyadira koposa ndi manda awo a mpanda wa njerwa, momwe aliyense amagona pafupi ndi agogo ake.

A Rosa anafika kuno nkhondo ya ku Mozambiki itafika poipa, ali ndi amuna awo a Stefano. Tinawabwereka kanyumba kuseri kwa tchalitchi. Posakhalitsa tinadziwa kuti mayiyu saopa mtembo. Maliro akagwa, wosambitsa ankakhala iwo, eni ake akulirira chapatali. Madzi a pasiwa ankatunga iwo ku Shire. Pakamwa pathu sipankachoka "achemwali athu, achemwali athu."

Chifuwa chitawatenga a Stefano, a Rosa anakagwada kwa a Simioni, mkulu wa mpingo woyang'anira manda.

"Bambo, ndadzapempha pogona pa mwana wanu Stefano."

"Pepani mayi," anatero a Simioni. "Mkatimu ndi mwa eni nthaka. Inu ndinu othawa nkhondo, mawa muzipita. Kunja kwa mpanda malo alipo ambiri."

Onse amene a Rosa anawasambitsira abale awo anali pomwepo, koma palibe anatsokomola. Ine nditayesa kulankhula anandikumbutsa kuti ndinabwera ndi ukwati. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

A Stefano tinawaika kunja, panjira ya mbuzi. A Rosa anadzala kamtengo ka mango kumutu, nakatchinga ndi minga. Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu obwerera kwawo, koma a Rosa sanakwere. "Amuna anga ndiwasiyire mbuzizi?" anandifunsa.

Dzinja lotsatira anamwalira a Matilda, akazi a a Simioni. Panalibe wolimba mtima kulowa m'nyumba ya maliro, ndiye a Simioni anatumiza uthenga kwa achemwali athu aja, opanda ndi manyazi omwe. A Rosa anatenga ndowa, natsikira kumtsinje. Titawaona akubwera atasenza madzi, mitima ya anthu inakhala pansi, ena mpaka anawapatukira.

A Rosa anangodutsa pasiwapo osacheuka. Anazungulira mpanda wonse, natula ndowa pamanda a amuna awo, nayamba kuthirira mango aja pang'onopang'ono mpaka madzi anatha.